Kodi Mumadziwa? Malungo, Mbira ndi Agogo a pa Benchi

Kodi mumadziwa kuti palibe chipatala padziko lonse chimene chingakutengeni magazi n'kukuuzani kuti muli ndi matenda ovutika maganizo? Malungo ndi kubaya pachala basi, pakatha mphindi 20 zotsatira zatuluka, koma matenda a maganizo dokotala amawapeza ndi makutu: iye afunse, inu muyankhe, wachibale awonjezerepo. Chonsecho m'chaka cha 2022 bungwe la WHO linati matenda a maganizo ali ndi munthu mmodzi pa anthu 8 alionse.

Nanga makutu a madokotalawo amamva mofanana? Cha m'ma 1970 akatswiri anajambula wodwala mmodzi pa kanema n'kuonetsa madokotala a ku America ndi a ku Britain. Pa madokotala 100 alionse a ku America, 69 anati munthuyo ali ndi schizophrenia, matenda omwe munthu amamva mawu amene ena sakuwamva ndi kukhulupirira zinthu zomwe kulibe, pomwe a ku Britain amene anatero anali 2 okha.

Wodwala yemweyo, kanema yemweyo, chiyankhulo chimodzimodzi! Akatswiri omwewo anapeza kuti zipatala za ku New York zinkalemba schizophrenia pafupifupi kawiri kuposa za ku London. Munthu akanangokwera ndege, bwenzi matenda ake atasintha dzina m'maola 7.

Tamverani iyi. M'chaka cha 1973 David Rosenhan wa ku yunivesite ya Stanford analemba m'magazini ya Science kuti iye ndi anzake 7, onse abwinobwino, anapita ku zipatala 12 n'kunama kuti akumva mawu. Anati onse anagonekedwa, ndipo ngakhale anasiya sewerolo atangolowa m'wodi, wina anatulutsidwa patatha masiku 52.

Mukuganiza kuti anawatulukira ndani? Rosenhan anati sanali madokotala kapena anamwino, koma odwala anzawo, omwe ankawanong'oneza kuti inu simukudwala, mwina ndinu atolankhani. Iye analemba kuti pa odwala 118, amene anakayika anali 35.

Koma nkhaniyi ili ndi mchira. M'chaka cha 2019 mtolankhani Susannah Cahalan anatulutsa buku atafufuza mapepala a Rosenhan, ndipo anapeza kuti mkuluyo anauza dokotala zizindikiro zoopsa kuposa zomwe analemba m'magazini muja. Pa anthu 8 aja, Cahalan anatha kutsimikiza za awiri okha, ndipo wachitatu amene anamupeza anali atachotsedwa m'lipoti chifukwa anayamikira chipatala. Apo n'kuti nkhaniyo itaphunzitsidwa m'makalasi zaka 46.

Cahalan sanayambe kufufuza izi mwamasewera. M'chaka cha 2009 iye mwini anayamba kuona zinthu zomwe kulibe ndi kukayikira aliyense, mpaka dokotala wina anamupatsa pepala kuti ajambule wotchi. Manambala onse 12 anawaunjika mbali imodzi!

Apo mpamene anadziwa kuti ubongo wake watupa, chifukwa chitetezo cha m'thupi mwake chinkalimbana ndi ubongo wake womwe. Anapatsidwa mankhwala oletsa chitetezocho ndipo anachira. Akanadwala kale pang'ono, ndani akanawadziwa matendawo, poti anali atangofotokozedwa kumene m'chaka cha 2007?

Chisokonezo ngati chija cha ku New York ndi London ndi chimene chinakakamiza madokotala a ku America kukonza buku lawo la mayina a matenda, lotchedwa DSM. Loyamba la 1952 linali kabuku ka masamba pafupifupi 130 ndi matenda 106, ndipo la 1980, lomwe anatsogolera Robert Spitzer, linaika mndandanda wa zizindikiro zoti dokotala aziwerenga chimodzichimodzi. La 2013 linafika masamba oposa 900.

Si dzina lililonse limene linalowapo m'mabuku a madokotala lomwe linali matenda. M'chaka cha 1851 dokotala Samuel Cartwright wa ku Louisiana analemba kuti akapolo othawa kwa mabwana awo ali ndi vuto la m'mutu, ndipo mankhwala ake anati ndi chikwapu. Ukapolo womwewo unathetsedwa ku America patangopita zaka 14.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi. Kuti dokotala anene kuti muli ndi matenda aakulu ovutika maganizo, mufunika kukhala ndi zizindikiro 5 mwa 9 kwa masabata awiri: kukhumudwa, kusakondwa ndi chilichonse, kusowa tulo, kusafuna chakudya, kufooka ndi zina. Mukazisakaniza monga malamulo alolera, njira zofikira dzina limodzi lomwelo zimakwana 227.

Kodi zimenezi ndi masamu chabe? Ayi ndithu, chifukwa Eiko Fried ndi Randolph Nesse m'chaka cha 2015 anayang'ana odwala 3,703 omwe onse anali ndi dzina limodzi la matenda. Mitundu ya kasakanikidwe ka zizindikiro zawo inapezeka 1,030.

Matenda obwera munthu akaona zoopsa, monga nkhondo, ngozi kapena kugwiriridwa, ndiye amaposa pamenepo. Akatswiri awiri anawerengera m'chaka cha 2013 njira zonse zomwe munthu angakwaniritsire mndandanda wa DSM. Anapeza 636,120.

Nanga kulira maliro kuli ndi malire? Mabuku awiri akuluakulu tsopano amavomereza kuti chisoni chosatha, cholepheretsa munthu kudya, kugwira ntchito ndi kucheza, chingakhale matenda, koma sagwirizana pa nthawi. Buku la WHO limati patadutsa miyezi 6, la ku America limati miyezi 12.

Ngakhale mawu amene odwala amamva amasintha ndi dera. Tanya Luhrmann ndi anzake anacheza ndi odwala 20 ku California, 20 ku Chennai m'dziko la India ndi 20 ku Accra m'dziko la Ghana. Ambiri a ku Chennai ankamva achibale akuwatuma kuphika ndi kusesa, ambiri a ku Accra ankamva Mulungu, koma mwa a ku California amene ananena kuti mawu ake ndi abwino nthawi zambiri anali 0.

Ena anayembekeza kuti yankho lili m'chibadwa cha makolo, ndipo anasonkhanitsa magazi ndi malovu a anthu ambirimbiri. M'chaka cha 2014 anapeza malo 108 m'chibadwa cha munthu okhudzana ndi schizophrenia, aliwonse akuwonjezera chiopsezo pang'ono chabe. Pofika 2022 malowo anali 287!

Thomas Insel, amene anatsogolera bungwe la boma la America lofufuza za matenda a maganizo kwa zaka 13, anayankhula mosabisa atachoka pampando. Anavomera kuti akatswiri ake analemba zinthu zochititsa chidwi zedi za ubongo, koma chiwerengero cha odzipha ndi ogonekedwa m'chipatala sichinatsike. Ndalama zomwe zinapitapo iye anati ndi pafupifupi madola 20 biliyoni.

Tisiye mayina, tione mankhwala. Kodi mumadziwa kuti dokotala wina analandira mphoto ya Nobel chifukwa chopatsa anthu malungo dala? Anali Julius Wagner-Jauregg wa ku Vienna, amene m'chaka cha 1917 anatenga magazi a msilikali wodwala malungo n'kubaya nawo odwala 9.

Musathamangire kumutcha mfiti. Nthawi imeneyo chindoko chikalowa mu ubongo munthu ankasokonezeka mutu, kufa ziwalo, kenako kumwalira, ndipo kutentha thupi kwa malungo kunkapha tizilombo ta chindokocho. Akanjenjemera kokwanira ankamupatsa kwinini. Ena ankachira n'kubwerera kuntchito, ena malungowo ankawatenga, ndipo mphoto inabwera m'chaka cha 1927.

Chimanga nachonso chinadzazapo zipatala za odwala misala. Kummwera kwa America anthu osauka ankadya chimanga chokhachokha, n'kudwala pellagra: khungu lothetheka pomwe pamawomba dzuwa, kutsegula m'mimba, kenako kusokonezeka mutu. Pakati pa 1906 ndi 1940 anamwalira anthu pafupifupi 100,000.

Ambiri ankati ndi matenda opatsirana, koma Joseph Goldberger anafunsa kuti bwanji anamwino, omwe amakhala ndi odwalawo usana ndi usiku, sakudwala? Anapatsa odwala mkaka, nyama ndi mazira ndipo anachira. Pofuna kutseka pakamwa otsutsa, iye ndi mkazi wake anabayitsa magazi a odwala. Pa onse amene anadzipereka nawo m'chaka cha 1916, palibe ndi mmodzi yemwe amene anadwala pellagra.

Chosowacho chinali vitamini wotchedwa niacin, amene m'chimanga alimo koma womangika. Anthu a ku Mexico, kwawo kwa chimanga, amachiphika m'madzi a laimu kapena a phulusa, ngati chidulo chathu chija cha therere, ndipo vitaminiyo amamasuka. Kuno ku Malawi, mtedza utasowa m'chakudya cha anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique m'chaka cha 1990, odwala pellagra anaposa 18,000.

Mphoto ya Nobel ya 1949 ndiye imachititsa manyazi mpaka lero. Inapita kwa Egas Moniz wa ku Portugal chifukwa cha opaleshoni yodula mitsempha ya kutsogolo kwa ubongo, yomwe inkasiya ambiri ali phee, osakwiya komanso osasamala kanthu. Walter Freeman wa ku America anaifupikitsa polowetsa kachitsulo pamwamba pa diso, ntchito ya mphindi 10, ndipo pa moyo wake anachita anthu pafupifupi 3,500.

Chaka chomwecho cha 1949, ku Melbourne m'dziko la Australia, John Cade anasindikiza lipoti la ntchito yake yobaya mbira mkodzo wa odwala. Ankaganiza kuti mumkodzo wa anthu otakasuka mopitirira muyeso muli poizoni, ndipo pofuna kusungunula mchere wina wa mumkodzomo anasakanizako lithium. Mbira zija zinangogona chagada, zofatsa!

Akatswiri a masiku ano amati mwina mbirazo zinali zitangodwala ndi mankhwalawo. Koma Cade anayamba wamwa yekha, kenako anapatsa odwala 10, ndipo woyamba, yemwe anakhala wosagwirika kwa zaka 5, anatuluka m'chipatala n'kubwerera kuntchito. Popeza mchere wa m'nthaka palibe kampani ingautche wake, America inauvomereza patadutsa zaka 21.

Inde, ndi lithium yemweyo amene ali mu batire la foni yanu, yemwe amakumbidwa ku Bikita m'dziko la Zimbabwe. Mpaka lero ndi mmodzi mwa mankhwala odalirika kwambiri pa matenda a bipolar, omwe munthu nthawi zina amatakasuka osagona, nthawi zina amagwa mphwayi. Koma amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, chifukwa wodwala woyamba uja wa Cade anamwalira ndi mankhwala omwewo m'chaka cha 1950.

Munamvapo za Largactil? Mankhwala amenewa, omwe dzina lawo lina ndi chlorpromazine, anayamba kuwayesa ndi dokotala wa maopaleshoni wa ku France, Henri Laborit, amene anadabwa kuti odwala ake sakuopanso mpeni. Jean Delay ndi Pierre Deniker anawapereka kwa odwala misala ku chipatala cha Sainte-Anne ku Paris m'chaka cha 1952, ndipo pofika 1964 anali atamwedwa ndi anthu pafupifupi 50 miliyoni.

Zipatala zikuluzikulu za boma ku America zinayamba kupunguka. Si mankhwala okha anachititsa, malamulo ndi nkhani za ndalama zinalowererapo, ndipo ambiri otulutsidwa anakathera mumsewu ndi m'ndende. Koma taonani manambala: ogonekedwa 559,000 m'chaka cha 1955, osakwana 200,000 m'chaka cha 1975.

Mankhwala oyamba a matenda ovutika maganizo anachokera m'wodi ya TB. Ku chipatala cha Sea View ku New York, m'chaka cha 1952, odwala chifuwa chachikulu atapatsidwa iproniazid anayamba kudya kwambiri, kuseka, ena mpaka kuvina m'makonde. Madokotala anati apa pali china, ndipo anawayesa kwa ovutika maganizo patapita zaka 5.

Mwaona kuti zambiri zinangotoledwa panjira? Ketamine, mankhwala ogonetsa amene amagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku m'zipinda za opaleshoni kuno kwathu, nawo anadabwitsa akatswiri a ku Yale m'chaka cha 2000. Mapiritsi odziwika amatenga masabata angapo kuti munthu amve kusintha, pomwe odwala ochepa ovutika maganizo amene anapatsidwa ketamine, ali m'manja mwa madokotala, anapepukidwa asanathe maola 72.

Nanga mapiritsi odziwikawo amagwiradi ntchito? M'chaka cha 2018 Andrea Cipriani wa ku Oxford ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 522 wokhudza anthu oposa 116,000, ndipo mankhwala onse 21 anaposa piritsi lopanda mankhwala, ngakhale ambiri anaposa pang'ono chabe. Amene anatsogola pa mphamvu ndi amitriptyline, mankhwala otchipa omwe ali pamsika kuyambira 1961.

Koma magazini a akatswiri nawo muziwawerenga ndi diso limodzi lotsegula. Erick Turner m'chaka cha 2008 anayerekeza kafukufuku 74 amene makampani anapereka ku boma la America ndi amene anasindikizidwa, n'kupeza kuti wosakomera mankhwala ankabisidwa kapena kukometsedwa. Wowerenga magazini ankaona ngati 94 pa 100 anayenda bwino, pomwe m'mafayilo a boma anali 51.

Clozapine anatsala pang'ono kutayidwa kudzala. M'chaka cha 1975 anthu 8 anamwalira ku Finland mankhwalawa atawononga maselo oyera a m'magazi, ndipo maiko ambiri anawachotsa. M'chaka cha 1988 John Kane anawayesanso, akuyeza magazi sabata iliyonse, kwa odwala amene mankhwala ena onse anawakanika: 30 pa 100 anapeza bwino, pomwe a Largactil anali 4.

Tsopano gawo limene ine limandikoma. Zithunzi zotchuka zimaonetsa dokotala Philippe Pinel akumasula maunyolo a odwala ku Paris, koma amene anayamba kuwamasula ku chipatala cha Bicêtre anali woyang'anira wodi, Jean-Baptiste Pussin, yemwe poyamba analowa m'chipatalamo ngati wodwala. Pinel anaphunzira poona mmene mkuluyo ndi mkazi wake ankayankhulira ndi odwala, ndipo maunyolo anachoka m'chaka cha 1797.

Ku Geel, tauni ya ku Belgium, mabanja amatenga odwala matenda a maganizo n'kumakhala nawo pakhomo, kudya mbale imodzi ndi kugwira nawo ntchito za kumunda. Mwambowu unayamba ndi anthu obwera kudzapemphera pa tchalitchi cha Dymphna woyera, malo ogona atachepa, ndipo watha zaka zoposa 700. Cha m'ma 1930 alendo otere m'tauni imodziyo anali pafupifupi 3,700.

Ku Trieste m'dziko la Italy, odwala, anamwino ndi amisiri a zojambula anapanga hatchi yaikulu ya buluu ya matabwa ndi mapepala m'chaka cha 1973. Pofuna kutuluka nayo kukayenda m'tauni anapeza kuti siikwana pakhomo, ndiye iwo ndi dokotala wamkulu Franco Basaglia anangogumula khomolo. Lamulo loyamba kutseka zipatala zotsekeramo anthu m'dziko lonselo linadutsa patapita zaka 5.

Kuno ku Africa, Thomas Adeoye Lambo anali atayamba kale. M'chaka cha 1954 ku Aro, pafupi ndi Abeokuta m'dziko la Nigeria, ankagoneka odwala m'nyumba za anthu a m'midzi yozungulira, aliyense ndi wachibale wake, masana n'kumabwera ku chipatala, ndipo anaitana asing'anga kuti azigwira naye ntchito. Munthu ameneyu anadzakhala wachiwiri kwa mkulu wa WHO kwa zaka 15.

Kodi sing'anga ndi namwino angagawane wodwala mmodzi osakangana? Oye Gureje ndi anzake anayesa zimenezi ku Ibadan ndi ku Kumasi: azaumoyo ankayendera odwala ogonekedwa kwa asing'anga ndi kwa aneneri, kupereka mankhwala ndi kukambirana ndi eni malowo. Lipoti la 2020 linaonetsa kuti patatha miyezi 6, omwe anathandizidwa mbali ziwirizi anachira bwino kuposa anzawo, pa odwala onse 307.

Chodabwitsa china n'chakuti kumanga odwala maunyolo, kuwakwapula ndi kuwasalitsa chakudya kunatsika kwambiri. Kumene kunali mgwirizano, poyamba oposa theka ankachitidwa zoterezi. Kunatsikanso ngakhale kumene kunalibe mgwirizano, mpaka mbali zonse ziwiri kunatsala munthu mmodzi pa 10.

Musaganize kuti kugawana ntchito ndi nzeru ya osauka okha. Ku America, Jürgen Unützer anaika namwino kapena mlangizi m'zipatala zazing'ono 18 kuti azitsatira okalamba ovutika maganizo, kuwaimbira foni, ndi kukambirana za iwo ndi katswiri sabata iliyonse. Mankhwala anali omwewo akale, koma patatha chaka, pa kafukufuku wa okalamba 1,801, otsatidwa amene vuto lawo linatsika ndi theka anali 45 pa 100, pomwe kwa osatsatidwa anali 19.

Ku Pakistan, Atif Rahman anaphunzitsa amayi oyendera makomo, ofanana ndi alangizi athu a zaumoyo, kucheza ndi amayi oyembekezera ovutika maganizo m'midzi ya ku Rawalpindi. Ankagwiritsa ntchito zithunzi, ndipo ankakokeramo mwamuna ndi apongozi poyambira pa thanzi la mwana. Patatha miyezi 6 mwana atabadwa, odwalabe anali 23 pa 100, poyerekeza ndi 53 kwa amayi enawo.

Ku Uganda ndiye sanagwiritse ntchito piritsi ndi limodzi lomwe. M'midzi 30 ya ku Masaka ndi Rakai, komwe edzi inali itasesa mabanja, abambo paokha ndi amayi paokha ankakumana mphindi 90 sabata iliyonse kwa masabata 16, akutsogoleredwa ndi munthu wa m'dera lomwelo. Lipoti la 2003 linati odwalabe anatsala pafupifupi 7 pa 100, pomwe m'midzi yopanda magulu anali 55.

N'chifukwa chiyani zonsezi zili zofunika? Anthu odwala matenda aakulu a maganizo amamwalira msanga ndi zaka 10 mpaka 20, ndipo ambiri amatengedwa ndi mtima, shuga ndi matenda ena ochizika omwe palibe anawayeza. Pa ndalama 100 zilizonse za zaumoyo, maboma ambiri amaika ku matenda a maganizo ziwiri zokha.

Kwathu kuno chisamalirochi chinayambira kundende. M'chaka cha 1910 atsamunda anapatula malo ku ndende ya Zomba osungirako odwala misala, ndipo owayang'anira anali a ndende omwewo. Chipatala chenicheni cha Zomba Mental chinatsegulidwa m'chaka cha 1953, patadutsa zaka 43.

Lero zinthu zikulowera kwina: ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli zipatala za St John of God, ndipo mafunso ofufuzira vutoli anamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa m'zipatala zathu. Namwino wa kusikelo kapena wa ku kiliniki ya shuga angathe kukufunsani za tulo, chakudya ndi mtima wanu inu muli pamzere womwewo. Mafunso a pepala lotchuka la PHQ alipo 9 okha.

Timalize ndi anansi athu. M'chaka cha 2005 dokotala Dixon Chibanda wa ku Harare anataya wodwala wake, mtsikana amene anadzipha chifukwa banja linalibe ndalama ya basi yobwerera naye ku chipatala. Nthawi imeneyo madokotala a matenda a maganizo m'dziko lonse la Zimbabwe anali pafupifupi 12.

Anamwino anali otanganidwa, zipinda kunalibe, ndalama kunalibe. Akuluakulu a mzinda anamupatsa agogo aakazi omwe ankathandiza kale pa zaumoyo ku Mbare, ndipo iye anaika benchi ya matabwa panja pa kiliniki. Agogo oyambawo, m'chaka cha 2006, anali 14.

Pa benchipo agogo sauza munthu chochita. Amamvetsera, amathandiza munthu kutchula mavuto ake onse, kusankhapo limodzi lotheka, n'kupangana chimene achite asanakumanenso. Akaona kuti moyo uli pachiswe amamutumiza kwa namwino. Agogowo anakonzanso maphunziro a dokotalayo, kuchotsa mawu a m'mabuku n'kuika a Chishona, ndipo kukumana konse kumakwana maulendo 6.

Zotsatira zinatuluka m'magazini ya JAMA m'chaka cha 2016, kuchokera m'makiliniki 24 ndi anthu 573. Patatha miyezi 6, mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse, theka anali akuvutikabe maganizo. Mwa amene anakhala pa benchi ndi agogo, anali 14 pa 100!

Njira ya benchiyi, yotchedwa Friendship Bench, inawoloka malire kufika kuno ku Malawi, ku Kenya, mpaka m'misewu ya New York. Kodi mumadziwa kuti inafikanso ku mpikisano wa mpira wa dziko lonse ku Qatar m'chaka cha 2022? Timu ya Zimbabwe sinapiteko, koma mabenchi ake anaikidwa kumeneko okwana 32.